Makalata Awiri Amene Anasinthana Malo

Ku ofesi kwathu palibe amene amaitanidwa ndi dzina lake lenileni. Ine ndine Sekilitale, ngakhale kuti ndimawiritsanso tiyi, ndimathirira maluwa a pawindo, ndiponso ndimanamiza anthu pa foni kuti abwana angotuluka kumene. Bambo amene amatikonzera makompyuta timawatcha a Mawaya, chifukwa akapisa dzanja m'thumba kufuna cholembera amatulutsa kachingwe. Ndi munthu wofatsa, wa malaya ositidwa bwino, ndipo amapemphera tchalitchi chimodzi ndi amayi anga.

Koma amene ndinkamukonda ine sanali wa pa ofesi. Anali kutali pa nyanja yamchere, m'chipinda cha injini cha sitima yonyamula katundu. Ndinkamutcha Mtali, chifukwa tsiku limene tinakumana m'basi anandipatsa mpando, iye n'kuima chowerama ulendo wonse, mutu ukugunda denga pa dzenje lililonse la mumsewu. Amayi sankamutchula choncho. Kwa iwo anali “wamafuta uja.”

M'sitima mwawo foni sigwira. Muli kompyuta imodzi yokha m'chipinda chodyera, ndipo amuna makumi awiri amaima pamzere kuti aliyense alembe imelo kwa abale ake. Ine kunyumba ndilibe kompyuta, choncho makalata a Mtali ankafikira pa adiresi yanga ya kuntchito. Ndinkalawirira kuti ndikawawerenge ndisanasese n'komwe.

“Mwana wanga, ine ndinakwatiwapo ndi makalata,” ankatero amayi. “Bambo ako atapita kukagwira ntchito kunja ankalemba mwezi ndi mwezi. Kenako kamodzi pa chaka. Kenako zii. Kalata singakunyamule kupita nawe kuchipatala. Peza munthu woti ukatsokomola azikumva.”

Ndinkangoseka, koma mawuwo ankandilowa pang'onopang'ono. Tsiku lina ndinamufunsa Mtali kuti ntchito ya m'sitimayi adzaisiya liti. Anandiyankha kuti ndayamba kulankhula ndi pakamwa pa amayi anga. Ine ndinati bola amayi angawo ndimawaona. Tinatha sabata yathunthu tikulemberana timakalata tatifupi, touma, topanda ngakhale moni.

* * *

Lolemba lotsatira a Mawaya anabwera ndi seva yatsopano. Seva ndi kompyuta yaikulu imene imakhala m'kachipinda kozizira kuseri kwa mashelefu a mapepala. Makalata onse a pa ofesi amafikira mmenemo, ndipo makompyuta athu amakawatenga kumeneko. Yakale inali itatopa, ikulira ngati chigayo.

Lachiwiri m'mawa palibe kompyuta imene inalola kulowa. Ndikalemba pasiwedi, kabokosi kofiira kankatuluka kunena kuti seva yakana. Ndinalemba katatu, ndinalemba ndi chala chimodzi ngati mwana wa sukulu, koma ayi ndithu. Abwana anayamba kumenya tebulo. A Mawaya ankangoti lowu tuluku m'kachipinda kaja, malaya atanyowa kumsana. Cha m'ma 10 koloko anayatsanso seva yakale kuti makalata a makasitomala asatayike, koma kompyuta yanga inakanabe mpaka tinaweruka.

Lachitatu zonse zinali bwino. Ndinatsegula bokosi langa n'kupezamo makalata awiri a Mtali, onse a dzulo lake. Yoyamba inali ya 11:04 m'mawa.

“Wanga, iwala zoipa zonse zimene ndakulembera. Ndinalemba ndi mutu wotentha ndipo ndikuchita manyazi. Tamvera izi. Loweruka la pa 14 sitima yathu idzaima pa doko masiku awiri, ndipo ndapempha chilolezo. Ndidzakwera basi yoyamba, ndidzafika pa depoti cha m'ma 2 koloko masana. Udzandidikire pa benchi la pafupi ndi pogulitsira matikiti. Ndili ndi mawu amene sindikufuna kuwalemba pa kompyuta yodzaza nyenyeswa za buledi imeneyi. Ukadzapanda kubwera ndidzadziwa kuti ndinakupweteka kwambiri, ndipo sindidzakuimba mlandu.”

Ndinaphimba pakamwa ndi dzanja kuti wa maakaunti asandimve ndikuseka ndekha. Miyezi khumi ndi iwiri ndisanamuone. Ndinayamba kale kuganiza za diresi loti ndidzavale. Kenako ndinatsegula yachiwiri, ya 5:12 madzulo.

“Achemwali anga andilembera. Akuti munthu wa makompyuta amakuperekeza pa galimoto mpaka pakhomo, ndipo amayi ako amamukhazika pa mpando wa bambo ako. Ine ndiye chitsiru chimene chimaima pamzere ola lathunthu kuti chikulembere. Zonse zimene ndinakulonjeza uziiwale. Usandidikire, ndipo usandilemberenso.”

Ndinaiwerenga mpaka zilembo zinayamba kusambira. Zinali zoona kuti a Mawaya anandiperekeza kawiri nthawi ya mvula, ndipo amayi anawakakamiza kulowa kuti amwe tiyi. Zinathera pomwepo. Koma munthu amene m'mawa anati ndimudikire pa benchi, madzulo a tsiku lomwelo anati ndisamudikire. Sanafunse n'komwe kuti ine ndikuti chiyani.

Foni ya pa desiki inalira. Ndinainyamula n'kunena moni wa tsiku ndi tsiku, ndipo mawu anga sananjenjemere. Nditaiika pansi ndinapita kuchimbudzi, n'kutsegula mpopi kuti anthu asandimve.

* * *

Sindinamulembere. Anati ndisalembe, ndipo nanenso ndili ndi kamtima kanga. Ndinatenga foni yanga n'kutseka nambala yake, ija amaimbira akakhala pamtunda, kuti ndisamangoiyang'ana ngati wodwala akuyang'ana chitseko cha dokotala.

Loweruka la pa 14 ndinachapa makatani onse a m'nyumba, ngakhale oyera. 2 koloko itakwana ndinali ndikukolopa pansi pa bedi. Lamulungu ndinapita kutchalitchi m'mawa, ndipo mapemphero atatha ndinatsalira kuthandiza kukonza mabenchi mpaka dzuwa litapendeka, chifukwa sindinkafuna kukhala pa nyumba. Nditabwerera ndinapeza amayi atakhala chete pakhonde. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Wadya?” anafunsa.

“Sindikumva njala, amayi.”

“Zidzatha. Inenso zinatha.”

A Mawaya sanandithamangire. Ankangosiya botolo la madzi ozizira pa desiki yanga masana, osanena kanthu. Tsiku lina anandipeza ndikuyang'ana khoma, ndipo anaima chapatali, manja ali kumbuyo.

“Achemwali, ine si munthu wodziwa kukometsa mawu,” anatero. “Makina ndimawamva, anthu amandivuta. Koma ndimaweruka 5 koloko tsiku lililonse, ndipo ndimapita kunyumba. Zimenezo ndiye ndingalonjeze.”

Sindinawakonde, ndisaname. Koma ndinali nditatopa ndi kudikira, ndipo kwa munthu wotopa mawu amenewo ndi okoma. Ndinawalola kuti azindiperekeza. Amayi anayambanso kuimba akamatsuka mbale, chinthu chimene ndinali nditaiwala kuti amachita. Patatha milungu inayi, amayi ndi a Mawaya anagwirizana kuti makolo a bambowo adzabwere kudzationa pa nkhani ya ukwati Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Anandifunsa ngati ndikuvomera. Ndinati palibe vuto.

* * *

Lolemba la sabata ya ulendowo magetsi anazima m'tauni monse, ndipo atayakanso Lachiwiri m'mawa kabokosi kofiira kaja kanabwerera. Seva yakana. Abwana anatenga makiyi a galimoto n'kunena kuti akabwerako apeze zinthu zikuyenda, apo ayi apeze desiki ya a Mawaya ilibe munthu.

A Mawaya anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Anayesa pasiwedi yanga, anayesa yawo. Anasintha chingwe cha kumbuyo. Anatsegula kawindo kakuda kamene amalembamo zinthu zimene ife sitizimva, n'kugogoda seva kuti aone ngati ikuyankha.

“Ikuyankha,” anatero. “Ili moyo, ikutimva, koma sikufuna kutsegula chitseko.”

“Mwina yatopa nafe.”

Anamwetulira pang'ono. Kenako anayang'ana pakona ya kompyuta yanga, pamene pamaoneka nthawi, n'kuyang'ananso m'kawindo kakuda kaja. Anadzimenya pamphumi.

“Ndi nthawi. Taonani. Kompyuta yanu ikuti 9 koloko m'mawa, seva ikuti kuno ndi 6 koloko madzulo.”

“Ndiye nthawi ikukhudzana bwanji ndi pasiwedi?”

“Kompyuta yanu ikamagogoda pa seva imanenanso nthawi. Zikasiyana kupitirira mphindi zisanu, seva imaganiza kuti ndi wakuba amene watola kiyi wakale, ndiye imakana. Apa zasiyana ndi maola naini.”

Anadzuka kupita m'kachipinda kozizira, ine n'kuwatsatira ndi kapu yawo ya tiyi. Ankalankhula uku akulemba, ngati mmene amachitira akasangalala kuti apeza nthenda.

“Kulakwa n'kwanga. Seva imeneyi inachokera ku dziko lina, kumene anthu amapita kuntchito ife tikuweruka. Nditaiika ndinayang'ana wotchi ya pakhoma n'kuilembera nthawi yomweyo, koma ndinaiwala kuiuza kuti yasamuka. Iyo inkaganiza kuti 8 koloko imene ndailembera ndi ya kwawo. Ikawerengera ya kuno inkapeza 5 koloko madzulo. Lachiwiri lija ndinangobweza wotchi ndi dzanja kuti anthu mugwire ntchito, dera la nthawi sindinasinthe. Magetsi atazima yadzuka ndi maganizo ake akale. Lero ndisintha deralo, ndiilumikizenso ku wotchi ya pa intaneti kuti izidzikonza yokha.”

Kapu ija inali idakali m'manja mwanga. Ndinaiika pa shelefu.

“Mwati 8 koloko inkaoneka ngati 5 koloko?”

“Eya.”

“Lachiwiri lija?”

“M'mawa mwake, mpaka pamene ndinayatsa yakale ija.”

“Nanga kalata imene inafika m'mawa umenewo inalembedwa nthawi yanji?”

“Inadindidwa nthawi yolakwika. Maola naini kutsogolo.”

“Nanga yofika 11 koloko?”

“Imeneyo inafikira mu seva yakale. Wotchi yake inali bwino. Madzulo ndinangosamutsa makalata onse n'kuwaika pamodzi.”

Zala zawo zinaima pa makiyi a kompyuta. Sananditembenukire. Ine ndinawerenga pa zala ngati mwana: faifi, folo, firii, mpaka zinandifikitsa pa eyiti. 8:12 m'mawa.

Kompyuta yanga italola kulowa ndinatsegula makalata awiri aja, amene sindinathe kuwafufuta ngakhale ndinayesa kangapo. Ndinawaitana a Mawaya.

“Pali njira yodziwira nthawi yeniyeni imene kalata inachoka kumene yachokera?”

“Achemwali, zimenezi n'zakale.”

“Ndafunsa ngati ilipo.”

Anagwira mausi ya kompyuta n'kutsegula mizere yobisika imene imakhala pamwamba pa imelo iliyonse, imene imaonetsa malo onse amene kalata yadutsa ndi nthawi yake, ngati zidindo za pa envulopu. Analoza ndi cholembera osawerenga mawu a m'kalatamo, kapena mwina anawerenga, sindikudziwa.

“Iyi inachoka m'sitima 8:11, nthawi ya kuno. Iyi inachoka 11:03.”

Ndiye kuti Mtali anayamba wakwiya, n'kundilembera kuti ndisamudikire. Patapita maola atatu anabwereranso pamzere uja n'kulemba kuti ndiiwale zoipazo, ndidzamudikire pa benchi. Zoipa zimene ankanena sizinali za mkangano wa sabata ija ayi. Mawu ake omaliza kwa ine anali akuti, sindidzakuimba mlandu. Ndipo ine ndinali pansi pa bedi ndi chikolopa.

“Pepani,” anatero a Mawaya. “Sindinachite dala.”

“Ndisindikizireni mizere imeneyi pa pepala.”

Anasindikiza. Pondipatsa pepalalo anafunsa motsitsa mawu, “Nanga za Loweruka?”

Ndinapinda pepalalo n'kubwerera pa desiki yanga.

* * *

Ndinalemba kalata yaitali, yosokonekera, n'kuitumiza ku sitima. Pasanathe mphindi ziwiri inabwerera. Pamwamba pake panali mzere umodzi wonena kuti mwini adiresiyi salinso m'gulu la ogwira ntchito m'sitima muno.

Nthawi ya chakudya chamasana ndinakwera basi kupita kwa achemwali ake a Mtali. Ndi telala, ali ndi kashopu ka chitseko chobiriwira kuseri kwa msika. Kale ndikangofika ankasiya makina n'kundiitana kuti mlamu, n'kundiyeza m'chiuno mwanthabwala. Tsiku limeneli makina sanaime.

“Mwabwera kudzasoketsa cha ukwati?” anafunsa osadzutsa mutu.

“Alamu, ndithandizeni. Ali kuti?”

“Ulamu unatha. Ndinu kasitomala kapena mukutchinga kuwala?”

Ndinaika pepala lija pa nsalu imene ankasoka. Ndinafotokoza zonse, za seva, za maola naini, za makalata amene anasinthana malo. Ndikudziwa kuti zinkamveka ngati bodza la mwana amene waswa mbale. Iwo anachotsa magalasi n'kundiyang'ana.

“Za makina anuzo ine sindizidziwa,” anatero. “Chimene ndikudziwa n'chakuti mchimwene wanga anakhala pa benchi kuyambira 2 koloko mpaka pogulitsira matikiti anatseka. Anaimba foni yanu, osalowa. Anabwera kuno atanyamula kabokosi m'thumba la jekete, osadya kanthu. Lamulungu m'mawa ankayenera kukwera basi yobwerera ku doko. Sanakwere. Anati mwina munasokoneza tsiku, n'kupitanso pa benchi pomwepo. Sitima inamusiya, ntchito n'kuthera pomwepo. Zaka zisanu ndi chimodzi za m'madzi.”

Ndinakhala pa mulu wa nsalu.

“Ndiye kuti ali m'tauni muno?”

“Milungu isanu tsopano. Anakuonani kawiri mukutsika m'galimoto ija.” Anabwezera magalasi pamphuno. Mawu awo anafewa pang'ono. “Inenso ndili ndi gawo langa. Ndinaona galimoto pakhomo panu, n'kuthamangira kulemba ndisanakufunseni. Zimandidya. Ali pa galaja ya malole, kuseri kwa malo omwetsera mafuta a pa mlatho. Anandiletsa kukuuzani. Musanene kuti ndine.”

* * *

Ku ofesi sindinabwerere. Pa galajapo panali malole atatu, ndipo pansi pa imodzi panatuluka miyendo iwiri imene sikanakwana pansi pa galimoto iliyonse. Ndinaima pafupi ndi nsapatozo.

“Mtali.”

Chitsulo chimene chinkagogoda chinasiya. Panapita nthawi asanatuluke. Anali ataonda, ndevu zitamera mosasamalika, ndipo anapukuta manja pa kansanza nthawi yaitali kuposa mmene mafutawo ankafunira.

“Mwasochera, mayi?” anatero.

Chiyambire sanandiitanepo choncho. Ndinamupatsa pepala lija. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi, koma onse anathawa.

“Makalata ako anafika mosinthana. Yokwiya inaoneka ngati yomaliza. Ndinaganiza kuti unandiitana, kenako n'kusintha maganizo. Taona nthawi zake. Wotchi ya seva inatsogola ndi maola naini.”

Anawerenga pang'onopang'ono, chala chakuda chikutsata mizere. Anawerenganso. Kenako anakhala pa tayala n'kugwira mutu ndi manja onse awiri.

“M'sitima timasintha wotchi pafupifupi sabata iliyonse,” anatero. “Ndikudziwa mmene nthawi imasocheretsera munthu. Ndakukhulupirira.”

Ndinakhala pambali pake, pa tayala lomwelo, osasamala za siketi. Ndinalira monga sindinalirepo milungu yonse ija, ndipo iye anandisiya ndilire. Fungo la mafuta a injini linali lomwe lija.

“Ukanabwera ku ofesi,” ndinatero. “Ukanangofika n'kundifunsa.”

“Kudzafunsa chiyani? Yankho unali utandipatsa kale.”

“Yankho liti? Sindinawerenge bwino, ndakuuza.”

“Sindikunena za imelo.” Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba m'maso. “Ndikunena kalata ya pamanja. Imeneyo sinadutse mu seva.”

“Kalata iti?”

“Lamulungu lija, nditaona kuti pa benchi sukubwera, ndinapita kwanu masana. Ndinapeza amayi ako pakhonde. Anati wapita kutchalitchi ndi munthu amene adzakukwatire, ndipo ndisakusokoneze. Ndinawapempha pepala. Ndinalemba nditatsamira khoma lanu, masamba awiri. Ndinalemba kuti sitima ndaisiya ipite, kuti ngati vuto ndi madzi ndiye ndatuluka m'madzi, ndidzapeza ntchito pamtunda. Ndinalemba kumene ndizipezeka. Ndinati ukangobwera kamodzi, ngakhale kudzandikana, ndidzamva. Amayi ako analandira ndi manja awiri n'kulonjeza kuti akupatsa.”



“Sindinaione. Sanandiuze n'komwe kuti unabwera.”

Anaseka kaseko kopanda chimwemwe, n'kuponya kansanza kaja pansi.

“Ndinadikira milungu inayi. Galimoto iliyonse ikaima panja ndinkatuluka pansi pa lole ngati wamisala, anzangawa mpaka anayamba kundiseka. Sabata yatha ndinasaina ndi sitima ina. Imapita kutali kuposa yoyamba ija, zaka ziwiri osabwera kumudzi. Basi yanga ndi ya Lachisanu.”

“Kafufute.”

“Si imelo, wanga. Ndinasaina pamaso pa anthu, ndipo anditumizira kale tikiti. Ndikakana kachiwiri palibe sitima imene idzanditengenso.” Anatola sipanala n'kuitembenuza m'manja. “Ndipo ndamva kuti Loweruka kwanu kuli alendo.”

“Sindinadziwe, Mtali. Ndinavomera chifukwa ndinkaganiza kuti unanditaya.”

“Ndikudziwa. N'chifukwa chake zikupweteka. Pakanakhala woipa pakati pa ife awiri, bwenzi ndikugona bwino.”

Mwini galaja anaitana kuchokera mkati kuti lole ikufunika 4 koloko. Mtali anadzuka. Anandigwira dzanja kuti ndidzuke, ndipo anachedwa kulisiya.

“Pita ukawafunse amayi ako,” anatero. “Ine ndili pano mpaka Lachinayi madzulo.”

* * *

Ndinapeza amayi pabalaza akusita nsalu ya patebulo, ija ya maluwa a buluu imene imatuluka m'sutikesi kukakhala alendo olemekezeka. Makapu a galasi anali atatsukidwa kale, atayalidwa pa thireyi kuti aume.

“Waweruka msanga,” anatero. “Nanga siketiyo yatani? Mafuta amenewo sachoka.”

“Amayi, Lamulungu la pa 15 kunabwera ndani kuno?”

Simbi inapitirira kuyenda mpaka kumapeto kwa nsalu. Anaipinda pakati, n'kuyambanso mbali inayo.

“Wakumana naye,” anatero.

“Ndafunsa kuti kunabwera ndani.”

“Anabwera. Wamtali ngati mlongoti, maso ofiira, jekete lonunkha dizilo. Ndinamuona ataima pamene anaima bambo ako tsiku limene ankandilonjeza kuti akapita chaka chimodzi chokha. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, unagwira mwendo wawo. Sukumbukira, ine ndimakumbukira.”

“Anasiya sitima chifukwa cha ine, amayi. Anataya ntchito.”

“Lero wasiya, mawa adzakwera ina. Ndikunama?”

Ndinakumbukira basi ya Lachisanu, n'kuyang'ana pansi. Amayi anaona, ndipo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanaoneke okondwa kuti apambana. Maso awo anali atadzaza misozi.

“Sindinakulere ndekha zaka makumi awiri kuti udzakhale pawindo ngati ine. Udane nane ngati ukufuna. Bola uzidana nane uli ndi mwamuna m'nyumba.”

“Ndipatseni kalata yanga.”

“Ndilibe.”

“Munaiwotcha?”

“Ine sindiwotcha zinthu za eni ake. Kuwerenganso sindinawerenge, maso angawa ukuwadziwa.” Anaimika simbi n'kusalaza nsalu ndi chikhatho. “Ndinaipereka kwa a Mawaya Lolemba lake lomwelo. Ndinawauza kuti iwo ndi ophunzira, aiwerenge, aone okha ngati n'koyenera kukupatsa.”

Ndinagwira msana wa mpando. Milungu isanu. Munthu amene m'mawa womwewo anandiyang'ana n'kunena kuti sanachite dala anali ndi masamba awiri a Mtali kwinakwake m'nyumba mwake, kapena m'thumba lomwelo la malaya ositidwa bwino.

Panja galimoto inaima, injini n'kuzima. Chitseko chake chinatsekedwa mofatsa, ndipo mapazi anayamba kuyenda pa timiyala ta pabwalo.

Amayi anasuzumira pawindo, n'kupukuta maso awo ndi nsonga ya mpango.

“Ndi omwewo,” anatero. “Pita ukasambe kumaso.”